Sudoku Ikakana: Njira Zakuya Zomasulira Yovuta Kwambiri

Kumayambiriro kwa chaka cha 2012, katswiri wa masamu wa ku University College Dublin ku Ireland, Gary McGuire, pamodzi ndi anzake Bastian Tugemann ndi Gilles Civario, analengeza kuti apeza yankho la funso lomwe linkawasowetsa tulo anthu okonda sudoku. Funsolo linali lakuti, kodi wopanga sudoku angapereke nambala zochepa motani poyambira, koma masewerawo n'kukhalabe ndi yankho limodzi lokha? Makompyuta amphamvu anagwira ntchitoyi pafupifupi chaka chonse cha 2011, ndipo yankho linatuluka: 17. Sudoku ya nambala 16 zoyambira yokhala ndi yankho limodzi kulibe.

Mu 2012 momwemo katswiri wina wa masamu, Arto Inkala wa ku Finland, anatulutsa sudoku yomwe nyuzipepala zinaitcha yovuta kwambiri padziko lonse. Iyoyo inali ndi nambala 21 zoyambira, zinayi kuposa malire aja. Chonsecho, mwa sudoku zoposa 49,000 za nambala 17 zomwe Gordon Royle wa ku University of Western Australia anasonkhanitsa, masauzande ambiri amatha ndi njira zomwe munthu amaphunzira m'sabata yake yoyamba, pamene ya Inkala njira zotero sizipita nayo kutali. Choncho kuvuta kwa sudoku sikuyezedwa ndi kuchuluka kwa tizipinda topanda kanthu. Kumayezedwa ndi kutalika kwa ulendo womwe maganizo ayenera kuyenda asanafike pa chinthu chimodzi chotsimikizika. Ndipo pa sudoku yovuta, chotsimikizika choyambacho kawirikawiri sichikhala nambala yolemba. Chimakhala nambala yofufuta.

Masewerawa anayamba kusindikizidwa ku America mu 1979 m'magazini ya kampani ya Dell pa dzina lakuti Number Place, ndipo amene amadziwika kuti anawayambitsa ndi Howard Garns, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Indiana. Kampani ya Nikoli ya ku Japan, motsogozedwa ndi Maki Kaji, inawatenga mu 1984 n'kuwapatsa dzina lomwe dziko likudziwa lero. Wayne Gould wa ku New Zealand, yemwe anagwirapo ntchito yoweruza milandu ku Hong Kong, anawapeza mu sitolo ya mabuku ku Tokyo mu 1997, n'kutha zaka zisanu ndi chimodzi akukonza pulogalamu ya kompyuta yowapangira. Nyuzipepala ya The Times ya ku London inayamba kuwasindikiza mu November 2004, ndipo pasanathe chaka anali atafalikira m'maiko ambiri. Njira zakuya zambiri zinapatsidwa maina pa nthawi imeneyo, n'chifukwa chake maina ake ali a Chingerezi.

Malamulo ake ndi achidule. Pali tizipinda 81, togawidwa m'mizere 9 yopingasa, mizere 9 yotsika ndi mabokosi 9. Mzere uliwonse ndi bokosi lililonse liyenera kukhala ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 9, iliyonse kamodzi kokha. Tizipinda tiwiri tomwe tili mu mzere umodzi kapena m'bokosi limodzi amati timaonana, ndipo toonana sitingakhale ndi nambala yofanana. Kachipinda kalikonse kamaonana ndi tinzake 20.

Woyamba kumene amadalira zinthu ziwiri: kachipinda komwe katsala ndi nambala imodzi yokha yoti ilowemo, ndi nambala yomwe yatsala ndi malo amodzi okha mu mzere kapena m'bokosi. Sudoku zosavuta zimathera pomwepa. Yovuta imamulola munthu kudzaza tizipinda tingapo, mtima n'kuyamba kukhala m'malo, kenako zonse n'kuima nji. Maso amayendayenda papepala lonse koma osatola kanthu.

Apa ndi pamene pensulo ndi labala zimayamba ntchito. Wosewera amalemba timanambala ting'onoting'ono pakona ya kachipinda kalikonse, kusonyeza nambala zomwe zingathe kulowamo. Thomas Snyder wa ku America, yemwe anapambana mpikisano wa padziko lonse mu 2007, 2008 ndi 2011, anatchukitsa kalembedwe kosadzaza pepala: kanambala kamalembedwa pokhapokha nambalayo ikatsala ndi malo awiri okha m'bokosi. Pa mpikisano, pomwe amawerenga masekondi, kalembedweka n'kothandiza zedi. Koma sudoku ikakanitsitsa, palibe kuchitira mwina, zotheka zonse ziyenera kulembedwa, ndipo mosamala kwambiri. Kanambala kamodzi kakaiwalika, njira zonse zomwe zikubwera kutsogoloku zimayamba kunama, chifukwa zonsezo zimawerenga za pensulozo ngati zoona.

Njira yoyamba yofufutira ndi ya mapasa. Tinene kuti mu mzere wopingasa wa 4 muli tizipinda tiwiri tomwe tonse tatsala ndi 3 ndi 8 basi. Sizikudziwika kuti 3 alowa kuti ndipo 8 alowa kuti, koma zimenezo zilibe kanthu. Nambala ziwirizo zatsekeredwa m'tizipinda tiwirito, ndiye mu mzere wonsewo palibenso kachipinda kena kangalandire 3 kapena 8. Ngati penapake mu mzerewo panali kachipinda kokhala ndi 3, 5 ndi 8, labala akadutsa pamatsala 5, ndipo nambala yalowa. Mapasa ena amabisala. M'bokosi lina, 1 ndi 6 atha kukhala ndi malo awiri okha, omwewonso, koma malowo atadzaza ndi timanambala tina ngati 2, 4 ndi 9. Popeza 1 ndi 6 alibe kwina kopita, alendo enawo ndi amene ayenera kutuluka. Mfundo yomweyi imagwiranso pa nambala zitatu m'tizipinda titatu, kapena zinayi m'tizipinda tinayi, kungoti kuziona kumavuta.

Palinso zochitika pomwe bokosi ndi mzere zakumana. Ngati m'bokosi la pamwamba kumanzere malo onse otsala a 7 ali mu mzere woyamba wopingasa, ndiye 7 wa mzere umenewo ali m'bokosi limenelo, ndipo m'mabokosi awiri enawo 7 aliyense wa pensulo mu mzerewo afufutidwe. Zimagwiranso mobwerera: mzere ukakakamiza nambala kukhala m'bokosi limodzi, tizipinda tina ta bokosilo timaitaya. Sudoku zambiri zomwe nyuzipepala zimazitcha zovuta zimagonja ndi njira zokhazi.

Kupitirira apa, maso ayenera kusiya kuyang'ana bokosi limodzi n'kuyamba kuona pepala lonse, nambala imodzi pa nthawi. Njira yotchuka kwambiri ndi X-Wing, ndipo ndi yoyenera kuimvetsa bwinobwino chifukwa zina zingapo zinamera pa iyo. Tiyerekeze nambala 4. Mu mzere wopingasa wa 2, malo ake otsala ndi awiri okha: pa mzere wotsika wa 3 ndi wa 8. Mu mzere wopingasa wa 7, malo ake ndi awirinso, pa mizere yotsika yomweyo, wa 3 ndi wa 8. Tizipinda tinayito taima ngati ngodya zinayi za chitseko. Tsopano 4 wa pamwamba akakhala kumanzere, wa pansi sangakhalenso kumanzere chifukwa angaonane, ndiye apita kumanja. Wa pamwamba akakhala kumanja, wa pansi apita kumanzere. Njira ndi ziwiri zokha, ndipo munthu akalumikiza ngodyazo mopingasana amajambula chilembo cha X. Wosewera sakudziwa kuti yoona ndi iti. Chomwe akudziwa n'chakuti mulimonsemo, mzere wotsika wa 3 walandira kale 4 wake pa imodzi mwa ngodya zake ziwiri, chimodzimodzinso wa 8. Choncho 4 aliyense wolembedwa ndi pensulo kwina kulikonse m'mizere iwiri yotsikayo ndi wabodza.

Mawu akuti "mulimonsemo" ndiwo anyamula luso lonseli. Wosewera sasankha pakati pa njira ziwiri. Amafunafuna chinthu chomwe njira zonse ziwiri zikugwirizana, n'kutenga chokhacho.

Swordfish ndi mkulu wake wa X-Wing: mizere itatu m'malo mwa iwiri. Ngati 9 mu mzere wopingasa wa 1 ali pa mizere yotsika 2 ndi 5 yokha, mu wa 5 ali pa 5 ndi 8, ndipo mu wa 9 ali pa 2 ndi 8, ndiye ma 9 atatuwo agawana mizere itatu yotsikayo, umodzi aliyense, ndipo kwina konse m'mizere 2, 5 ndi 8 nambalayo ichoke. Anthu ambiri amaiphonya chifukwa amayembekezera kuona tizipinda tonse 9 tili ndi kanambalako, pamene tisanu ndi kamodzi n'tokwanira. Ya mizere inayi amaitcha Jellyfish. Ya mizere isanu palibe chifukwa choifunira, chifukwa ikakhalapo m'mizere yopingasa, pamakhalanso ina yaing'ono m'mizere yotsika yomwe imafufuta zomwezo.

XY-Wing imagwira mosiyana pang'ono, chifukwa imayenda ndi nambala zitatu. Pamafunika tizipinda titatu, kalikonse kotsala ndi nambala ziwiri. Ka pakati penipeni pa pepala, mzere wopingasa wa 5 ndi wotsika wa 5, kali ndi 2 ndi 6. Kumayambiriro kwa mzere wopingasa womwewo, pa mzere wotsika wa 1, kuli kena kokhala ndi 2 ndi 9. Pamwamba, mu mzere wotsika wa 5 koma wopingasa wa 2, pali kachitatu kokhala ndi 6 ndi 9. Ka pakati kakakhala 2, ka kumanzere kaja kataya 2 n'kukhala 9. Ka pakati kakakhala 6, ka pamwamba kaja n'kamene kakhale 9. Kaya ziyende bwanji, kamodzi mwa tiwirito ndi 9. Ndiye kachipinda kalikonse koonana ndi tonse tiwiri sikangakhale 9, ndipo pano ndi kachipinda ka pa mzere wopingasa wa 2, wotsika wa 1. Kufufuta kwake ndi kwa kanambala kamodzi kokha, kooneka kosanunkha kanthu. Koma sudoku yopangidwa bwino nthawi zambiri imakhala itamangidwa pa kanambala kotero, ndipo kakachoka, tizipinda makumi angapo timadzaza motsatizana.

Munthu akazolowera njirazi amayamba kuona kuti zonse ndi unyolo, wina waufupi wina wautali. Mphete ya unyolowo imapezeka pomwe nambala yatsala ndi malo awiri okha mu mzere kapena m'bokosi: ikapanda kukhala apa, ndiye kuti ili apo. Ena amagwiritsa ntchito mapensulo awiri a mitundu kuti asasokere. Titenge 5. Mu mzere wotsika wa 1 ali ndi malo awiri, pa mzere wopingasa wa 2 ndi wa 8. Loyamba lipakidwe lobiriwira, lachiwiri lofiira. Mu mzere wopingasa wa 8 malo ake ndi awirinso, lofiira lija ndi lina pa mzere wotsika wa 6, lomwe liyenera kukhala lobiriwira. Mu mzere wotsika wa 6 mnzake wa lobiriwiralo ali pa mzere wopingasa wa 3, ndipo ndi wofiira. Mtundu umodzi wonse ndi woona, winawo wonse ndi wabodza. Tsopano kachipinda kalikonse komwe kakuonana ndi lobiriwira komanso ndi lofiira sikangasunge 5. Pano tili tinayi: tiwiri mu mzere wopingasa wa 2, pa mizere yotsika 4 ndi 5, tomwe tili m'bokosi limodzi ndi lofiira lomaliza lija, ndi tiwiri mu mzere wopingasa wa 3, pa mizere yotsika 2 ndi 3, tomwe tili m'bokosi limodzi ndi lobiriwira loyamba. Zikachitikanso kuti tizipinda tiwiri ta mtundu umodzi tikuonana tokhatokha, mtundu wonsewo wagwa, ndipo winawo ulembedwe ndi inki.

Maunyolo aatali amadumpha kuchoka pa nambala ina kupita pa ina, kudutsa m'tizipinda khumi kapena kuposerapo. Wosewera amachita ngati katswiri wa bawo, amene amawerengera m'mutu komwe timiyala take tikathere asanatinyamule. Sudoku za mtundu wa Inkala zimafuna maunyolo okhala ndi nthambi, nthambizo n'kukhalanso ndi zina. Yake yoyamba kutchuka, ya mu 2006, anaitcha AI Escargot, ndipo inali ndi nambala 23 zoyambira.

Pali njira imodzi yomwe okonda masewerawa sagwirizana nayo onse. Imatchedwa Unique Rectangle. Tizipinda tinayi taima m'mizere iwiri yopingasa, mizere iwiri yotsika ndi mabokosi awiri okha, mwachitsanzo m'mizere yopingasa 1 ndi 3 pa mizere yotsika 1 ndi 5. Titatu tili ndi 4 ndi 7 basi; kachinayi kali ndi 4, 7 ndi 9. Kachinayiko kakadakhala 4 kapena 7, munthu akanatha kusinthanitsa ma 4 ndi ma 7 onsewo popanda kuphwanya lamulo lililonse, ndipo sudokuyo ikanakhala ndi mayankho awiri. Popeza sudoku yoona imakhala ndi yankho limodzi, kachinayiko ndi 9. Otsutsa amati apa wosewera sakudalira malamulo atatu aja, akudalira chikhulupiriro chakuti wopangayo sanalakwitse. Mfundo yawo ili ndi mutu, chifukwa timabuku tina totsika mtengo timasindikiza sudoku za mayankho angapo, ndipo pa zotero njirayi imamutaya munthu. Komabe pa sudoku yochokera kwa wopanga wodalirika, kukhala ndi yankho limodzi ndi mbali ya pangano pakati pa wopanga ndi wosewera, ndipo palibe chochititsa manyazi kugwiritsa ntchito zomwe walonjezedwa.

Nkhani ya kuyesa mwayi ndi ina. Munthu akatopa amafuna kungoponya nambala pa kachipinda kotsala ndi ziwiri, n'kuona komwe zikathere. Makompyuta amachita zomwezo: amayesa, akagunda khoma amabwerera, n'kuyesa ina. Njira ya Donald Knuth yotchedwa Dancing Links, yomwe anaifotokoza mu 2000, imachita zimenezi mwachangu kwambiri moti sudoku yovutitsitsa imatha pasanathe sekondi. Kompyuta siitopa ndipo siiwala pomwe inapatukira, ngakhale kuti mapepala a sudoku odzaza bwino alipo 6,670,903,752,021,072,936,960, malinga ndi kuwerengera kwa Bertram Felgenhauer ndi Frazer Jarvis mu 2005. Munthu amaiwala. Akaponya kachiwiri asanatsimikize koyamba, pepala limadzaza ndi zofufutafufuta, ndipo akagunda khoma sadziwanso kuti cholakwa chinalowera pati. Ngakhale zitamuyendera, amakhala wadzaza tizipinda koma osadziwa chifukwa chake 9 uja anakhala pamenepo. Unyolo umasiyana ndi kuponya pa mfundo imodzi: woponya amatsatira njira imodzi n'kumayembekezera, pamene wa unyolo salemba kanthu mpaka ataona kuti njira zonse zikumufikitsa pamodzi.

Kutaya kwa woponyayo kumakula kwambiri pa sudoku zopangidwa ndi manja. Nikoli imadziwika chifukwa chosindikiza zopangidwa ndi anthu osati makina, ndipo wopanga waluso amaika dala mfundo imodzi yokongola pomwe akudziwa kuti wosewera adzaima. Simon Anthony ndi Mark Goodliffe a ku Britain, omwe anayambitsa pulogalamu ya Cracking the Cryptic pa YouTube mu 2017, atchuka ndi kumasula sudoku zotere poyera, akulankhula maganizo awo onse. Oonera amapeza kuti akatswiriwa nawonso amatha mphindi zambiri osalemba nambala ndi imodzi yomwe, akungofufuza pomwe wopangayo anabisa khomo.

Kudzera mwa iwowa, anthu ambiri anadziwa mfundo yotchedwa mphete ya Phistomefel, lomwe ndi dzina lodziwikira la wopanga sudoku wina wa ku Germany. Mfundoyo imati tizipinda 16 tozungulira bokosi la pakati tili ndi nambala zofanana ndendende ndi za tizipinda 16 ta m'ngodya zinayi za pepala, tinayi pa ngodya iliyonse. Zimamveka ngati matsenga, koma umboni wake ndi waufupi. Mizere yopingasa 3 ndi 7 pamodzi ndi mizere yotsika 3 ndi 7 ili ndi nambala 1 mpaka 9 kanayi. Mabokosi anayi a m'ngodya nawonso ali ndi 1 mpaka 9 kanayi. Magulu awiriwa ndi ofanana, ndiye munthu akachotsa mbali zonse tizipinda tomwe tikupezeka konsekonse, zotsala ziyeneranso kufanana. Kumbali ya mabokosi kumatsala tinayi ta pa ngodya iliyonse. Kumbali ya mizere kumatsala mphete ija, chifukwa tizipinda tinayi pomwe mizereyo yapingasana tinawerengedwa kawiri, ndipo tikachotsedwa kamodzi timatsalabe.

Pa sudoku ya m'nyuzipepala mpheteyi siithandiza kawirikawiri. Koma opanga ena amamanga sudoku yonse pa iyo, mwakuti njira zina zonse zimakanika kufikira wosewera atakumbukira za mpheteyo. Akayang'ana m'ngodya zinayi n'kupeza kuti mwa tizipinda 16 tija palibe ngakhale kamodzi komwe 9 angalowe, amadziwa kuti pa mphete yonse palibenso 9, ndipo amafufuta timanambala tingapo nthawi imodzi m'tizipinda tomwe sitionana n'komwe ndi ngodyazo.